Za Zithunzi za Makolo Athu pa Khoma la Nyumba ya Msonkhano

Mau amene mlembi ananena pa msonkhano wa ku Nsaru, pamaso pa mafumu ndi ziwalo za Bungwe.

 Ife ndife ana, ndipo sukulu yathu inalekeza pa Sitandade 6. Tikapotoza mau, akulu mutiongole.

Mukumbukira kuti pa msonkhano wapitawo tinapangana kuti khoma lalikulu la nyumba yathu ya msonkhano lisakhale loyera chabe, koma pajambulidwe zithunzi za makolo athu, kuti ana akalowa m'menemo aziona kumene tichokera. Ndalama tinasonkha titagulitsa fodya, laimu wapakidwa kale, ndipo mnyamata wodziwa kujambula watipatsa pepala loonetsa umo afuna kuchitira. Pepalalo mwaliona nonse, pakuti layenda m'manja mwanu m'mawa uno. Dzanja la mnyamatayo nlaluso, ndipo sitinaimirire kuti timnyoze. Koma utoto ukauma pa khoma udzakhala pomwepo ife tonse titagona, ndipo adzukulu athu sadzafunsa ngati zinaterodi. Adzangoti, Taonani, makolo athu anali otere. Chifukwa chache tapempha kuti tiyambe talankhulana nchito isanayambe.

Bvuto ili silinayambe ndi ife. Azungu anakomana nalo kale, ndipo umo anachitira muli phunziro.

Ku Ulaya kuli dziko la Greece, ndi mudzi wache waukulu Athens, umene m'Buku Lopatulika utchedwa Atene, kumene Paulo analalikira. Zaka zoposa 2,400 zapitazo kumeneko kunali anthu anzeru otchuka, amisiri osema miyala, ndi bwalo lalikulu kumene eni mudzi anali kupangana za dziko lao. Angelezi, Afalansa ndi Ajeremani, ngakhale sali mbumba ya Agiriki, anawayesa makolo ao pa za nzeru, ndipo amisiri ao a zithunzi anatha zaka mazana ali kujambula Agiriki akalewo, anthu amene sanawaone ndi maso. Tinabwereka buku la zithunzi zimenezo, ndipo tinakhala nalo usiku wambiri pa nyali.

Chithunzi chimodzi chimene chinatigwira mtima ndicho cha mmisiri wa ku France, dzina lache Jacques-Louis David, chimene anajambula m'chaka cha 1787. Chionetsa imfa ya Socrates, mphunzitsi wa ku Athens amene bwalo la mudzi wache linamweruza kuti afe m'chaka cha 399 Kristu asanabadwe, pomnenera kuti asokeretsa anyamata ndi kupeputsa milungu. Anampatsa chikho cha mankhwala akupha. Si mwabvi woyesa mlandu ai, koma chilango. Pa chithunzipo Socrates wakhala tsonga pa kama, chifuwa chache chiri cholimba ngati cha mnyamata wosenza matumba, dzanja limodzi laloza kumwamba, lina liri kulandira chikho. Ku miyendo ya kama kwakhala nkhalamba ya imvi, yoweramitsa mutu, ndiye Plato wophunzira wache. Tsono imvani. Socrates anafa ali ndi zaka ngati 70, ndipo amene anamdziwa analemba kuti anali munthu wosakongola, wa mphuno yophwatalala ndi maso otuzuka. Plato nthawi imeneyo anali asanakwane zaka 30, ndiponso iye mwini analemba kuti tsiku lija sanalipo, anali kudwala. Mmisiri anadziwa zimenezi, pakuti anali munthu wowerenga. Koma analimbitsa thupi la nkhalamba, nakalambitsa mnyamata, naika m'chipindamo munthu amene sanalimo. Ndipo mkazi wa Socrates anamuika kutali pa makwerero, wamng'ono ngati chala, ali kutuluka. Chithunzicho chiri ku New York, ndipo ana a sukulu a maiko ambiri akamva dzina la Socrates aona nkhope imene David anampatsa.

Pambuyo pache, m'masiku a Mfumukazi Victoria, ku London kunabuka amisiri ena amene anakometsa Agiriki koposa. Wina ndiye Lawrence Alma-Tadema, wobadwira ku Holland mu 1836, amene anakhazikika ku London mu 1870. Ena ndiwo Frederic Leighton ndi John William Godward. M'zithunzi zao dzuwa liwala masiku onse, nyanja iri bata, mipando nja mwala woyera wa nsangalabwi wopanda pfumbi, ndipo anamwali obvala nsaru zopyapyala angokhala, wina atola timiyala m'mbali mwa nyanja, wina amvera wowerenga ndakatulo, wina angoyang'ana kutali. Tinatsegula masamba ambiri kufuna munthu wogwira khasu, kapena wa chilonda pa mwendo, kapena mai wolira maliro a mwana, koma sitinampeze. Tinadzifunsa kuti, Nanga anthu awa anali kudya chiani, ndipo anawalimira ndani?

Mabuku a mbiri ayankha. Athens unali mudzi wa akapolo ambiri. Ku Laurion, kum'mwera kwa mudziwo, kunali migodi ya siliva kumene akapolo zikwizikwi anali kukwawa m'mauna opapatiza, ndipo siliva ameneyo ndiye anagulira zombo zimene zinagonjetsa Aperisi ku Salamis mu 480. Pa bwalo lija lotchuka mkazi analibe mau, kapolo analibe mau, mlendo analibe mau. Mu 430 mliri unagwa m'mudzimo nupha anthu osawerengeka. Mu 416 ankhondo a ku Athens anagwira chisumbu chaching'ono cha Melos, napha amuna onse, nagulitsa akazi ndi ana. Zaka zonsezi nza Kristu asanabadwe. Akulu anati, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amisiri aja anajambula khungu la mkuyu lokha.

Ngakhale kuyera kwa miyala kuja nkonyenga. Mjeremani wina wophunzira, Johann Winckelmann, analemba buku mu 1764 lotamanda zosema za Agiriki ndi kuyera kwache, ndipo Ulaya yense anamtsata. Chodabwitsa nchakuti iye sanapondeko ku Greece moyo wache wonse. Koma Agiriki eni anali kupaka zosema zao utoto wofiira, wachikasu ndi wonga thambo, ndipo mvula ndi dothi la zaka zikwi ziwiri ndizo zinausuka. Mu 2003 ku Munich anthu ophunzira, mtsogoleri wao Vinzenz Brinkmann, anaonetsa zifanizo zopakidwa monga zinaliri poyamba, atapeza zotsala za utotowo ndi nyali zoona zimene maso saona, ndipo anthu ambiri anakhumudwa, nati nzosakongola. Tisamnamizire Alma-Tadema pamenepa, pakuti mu 1868 iye anajambula mmisiri Phidias ali kuonetsa abwenzi ache zosema za pa kachisi wa Parthenon, nazipaka utoto monga kuyenera. Koma chithunzi chimodzi choona sichinathe kugwetsa mazana a zithunzi zoyera, ndipo panali ena amene anatenga kuyera kwa miyala yosukikayo ngati umboni wakuti kukongola ndi nzeru zikhala ndi khungu loyera lokha. Mau amenewo anafika ndi kuno, ndipo agogo athu anawamva.

Chinawachititsa nchiani? Ife tiyesa kuti si bodza la dala. London wa masiku amenewo anali mudzi wa utsi, wa mafakitale ndi wa amphawi ogona m'makwalala, ndipo eni chuma ogula zithunzi anafuna kuti pofika kunyumba apumitse maso pa dziko lopanda utsi ndi lopanda wopempha. Mmisiri ajambula chimene mtima wa wogula ulakalaka. Tsono lero ogula ndife, ndipo pepala limene layenda m'manja mwanu lionetsa chimene mnyamata uja anayesa kuti mitima yathu ifuna.

Tiyeni tiliyang'anenso. Pakati pakhala mfumu ya thupi lalikulu pa mpando wautali, ndipo kumbuyo kwache kwaima ankhondo a zishango za chikopa cha ng'ombe ndi nthenga kumutu. Mafumu athu, zishango zimenezo nza yani? Mchewa anali kumenya nkhondo ndi uta ndi mibvi. Chishango cha ng'ombe ndi nthungo yaifupi zinadza ndi Angoni, amene anaoloka Zambezi mu 1835. Sitinena izi kuti tikhumudwitse abale athu Angoni amene tiri nao m'Bungwe muno, amene takwatirana nao ndi kuika nao maliro. Iwonso adzaseka akaona Kalonga atabvala zobvala za agogo ao. Mnyamatayo anafuna kuti makolo athu aoneke oopsa, ndipo anabwereka kuopsa kwa anthu amene makolowo anali kuwathawa.

Kumbuyo kwa mudzi wajambula munda wa chimanga chokhwima, mitengo ya mango, ndi mzere wa bulugamu. Chimanga chinachokera ku America, ndipo chinafika m'maiko ano ndi amalonda a kunyanja Azungu atafika kale ku America. Nsima ya makolo oyamba inali ya mapira ndi mawere. Mango kwao nku India, bulugamu nku Australia. Amai onse wawabveka zitenje za m'sitolo, pamene agogo athu anali kubvala nyanda yosula ku khungwa la mtengo, zikopa, ndi nsaru yoomba okha ndi thonje la m'munda mwao. Mphini palibe pa nkhope iri yonse. Ng'anjo yosungunulira chitsulo palibe, chonsecho makasu a Amaravi anali malonda otchuka, ndipo Mpwitikizi Gamitto, amene anadutsa m'dziko la Amaravi ndi Achewa mu 1831 pa ulendo wa kwa Kazembe, analemba za amisiri athu a chitsulo. Apa tiona chinthu chachilendo: pofuna kutikometsa, pepalali lasiya ulemu umene tinali nao ndithu, ndi kutipatsa wobwereka.

Koma chimene chatiwawa koposa ndi malo a amai. Pa pepala lonse akazi ali anai, ndipo onse agwada, atanyamula mitsuko. Inu eni mbumba, kodi ndimo munaliri? Ufumu wa Achewa uyenda m'bele la mai. Kalonga sanali Kalonga popanda Nyangu, ndipo kufikira lero mfumu silowa ufumu amai a mbumba asanaloze. Kuno ku boma lathu lomwe la Lilongwe, m'tsinde mwa Dzalanyama, kuli Msinja, kumene kunakhala Makewana, mai wa ana onse, wosameta tsitsi, amene mafumu anali kumtumizira mitulo popempha mvula, ndi anamwali ache otumikira pa kachisi, ndi ng'oma ija Mbiriwiri. Munthu wochokera ku Mpingu afikako tsiku lomwelo pa njinga. Tikamsiya Makewana pa khoma lathu, tidzakhala tachita chomwe David anachitira mkazi wa Socrates, ndipo ife tidzalakwa koposa, pakuti ku Athens mkazi analibedi mau, koma kwathu anali nao.

Tsopano tifika pa mau olemera, ndipo tipempha mafumu atikhululukire. Pa pepalali palibe linga. Chonsecho akulu a m'midzi yathu akhoza kutilozera mitumbira ya malinga m'mene agogo anadzitsekera poopa nkhondo, akulima pafupi ndi mpanda, akutunga madzi mwamantha. Ndipo Msinja womwe unapasulidwa m'zaka zimenezo. Palibenso goli. Tidziwa tonse kuti anthu a dziko lino anatengedwa kunka kwa Jumbe ku Nkhotakota ndi kuoloka nyanja, ena kunka ku Tete ndi Achikunda. Ndipo tidziwa, ngakhale sitikonda kunena, kuti si onse anagwidwa ndi alendo. Ena anaperekedwa ndi eni ao kulipira mlandu, ena anasinthidwa ndi nsaru, mikanda ndi mfuti, ena anatha ndi mwabvi pa mlandu wa ufiti umene sanauchite. Awa ndiwo a ku Laurion athu. Nawonso ndi makolo athu, ndipo mwazi wao uli m'nyumba muno monga uliri mwazi wa mafumu.

Mkulu wina amene timlemekeza anatiyankha dzulo pa nkhani iyi, ndipo mau ache ayenera kumveka. Anati, Ana inu, alendo anatijambula kale mokwanira ndi magoli m'khosi. Kodi ndi pa khoma lathu lomwe tidzipachikenso goli? Mau amenewa ngoona mbali yaikulu. M'buku la David ndi Charles Livingstone la 1865, la ulendo wao wa pa Zambezi ndi Shire, muli chithunzi chotchuka cha mzere wa akapolo amene anakomana nao kwa Mbame mu 1861, pamene anamasula anthu 84. Chithunzicho chinagwira nchito yabwino, pakuti chinautsa mitima ya anthu a ku Britain kudana ndi malonda a anthu. Koma chinayenda m'mabuku a sukulu zaka zambiri, ndipo mwana wa ku Ulaya anakula akuyesa kuti Mgiriki ndiye munthu wokhala pa nsangalabwi ndi buku, ndipo munthu wa kuno ndiye womangidwa, woyembekeza mlendo adzammasule. Onse awiri anajambulidwa mbali imodzi, wina mbali yokoma yokha, wina yowawa yokha. Tsono mkuluyo afuna tibweze pojambula yokoma yokha, ndipo mtima umenewo tiumvetsa.

Koma tiyankha motere, mwaulemu. Mwana amene tidzamuonetsa khoma la ankhondo osagonja adzapita ku sukulu, nadzawerenga za Jumbe ndi za malinga, monga ife tinawerenga za Melos. Tsiku limenelo adzati akulu anandinamiza, ndipo adzataya ndi zoona zomwe zimene tinamuuza, za Nyangu, za ng'anjo, za Msinja. Ndiponso anthu amene anamanga linga, nasunga mbeu m'zaka za nkhondo, nabzalanso nkhondo itatha, nasunga chinenero ndi miyambo kufikira ife, sasowa kuwabwerekera chishango. Sitinena kuti khoma lidzale ndi misozi. Pakhale gule, pakhale mtondo ndi nkhokwe yodzala, pakhale ukwati ndi bwalo la milandu pansi pa kachere. Kukongola si bodza. Tingopempha kuti linga ndi goli zipeze ngodya yao.

Pali chinthu chinanso chimene ife alembi tichiopa chifukwa cha nchito yathu. Pa pepalali mfumu imodzi yakhala pamwamba, ndipo mafumu ena asanu akhala pansi akuomba m'manja, ndipo mnyamatayo wasiya malo olembapo maina. Tapenya milandu ya malire ndi ya ukulu ikutha zaka pa bwalo, anthu akukangana pa kapepala kakang'ono ka masiku a atsamunda. Nanga khoma lonse? Zaka makumi awiri zikapita wina adzaimirira pa mlandu nadzati, Pitani mukaone ku nyumba ya msonkhano amene anakhala pamwamba ndi amene anaomba m'manja. Chimene mnyamata anachilemba pofuna kudzaza malo chidzasanduka mboni. Chomwechonso pa ngodya ya goli pasakhale nkhope yofanana ndi munthu ali yense wamoyo, kapena dzina la mudzi kapena la pfuko, kuti ana asadzatonzane pa njira.

Tisayese kuti kujambula pa khoma ndi nzeru ya Azungu imene tiri kuyamba kuphunzira. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zithunzi za pa miyala, amene bungwe la UNESCO linawalemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zofiira nza Akafula amene makolo athu anawapeza. Zoyera nza Achewa, zina za amai pa chinamwali, zina za amuna a kumzinda, zimene tanthauzo lache sitinganene pa bwalo losakanizika ngati lino. Chimene tinganene nchakuti anthu amenewo sanajambule kuti adzitame kwa alendo, koma kuti aphunzitse ana ao zimene ayenera kudziwa, zokoma ndi zoopsa pamodzi. Ndipo zachilendo zitafika sanazibise, pakuti pa mwala wina pali ndi galimoto yomwe. Ku Mua nako, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, makoma a nyumba ya Chamare ali ndi zithunzi za mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao, zojambulidwa atafunsa akulu zaka zambiri. Ulendo wa ku Mua suposa mtengo wa zitini ziwiri kapena zitatu za utoto.

Tsono zimene tiika pamaso pa Wapampando ndi izi. Mnyamatayo asachotsedwe nchito, ndipo ndalama zache zisachepe, pakuti cholakwa nchathu: tinamuuza kuti ajambule ulemerero wa makolo, osamuuza kuti makolowo anali otani. Bungwe limtume ku Chongoni ndi ku Mua, ndiponso ku Msinja ngati eni malo alola, ndipo timpatse buku la Mbiri ya Achewa la Samuel Nthara awerenge. Mfumu iri yonse itchule nkhalamba ziwiri za m'dziko lache, imodzi ikhale mai, zoti akakhale nazo pansi ndi kufunsa za kabvalidwe, za kamangidwe ka nyumba ndi nkhokwe, ndi za pamene panali malinga. Za kumzinda eni mzinda okha ndiwo anene chimene chingaoneke pa khoma ndi chimene sichingaoneke. Pansi pa nkhope pasalembedwe dzina la mfumu iri yonse.

Akatha zimenezi abwere ndi pepala lachiwiri pa msonkhano wa ku Nambuma, liyendenso m'manja monga layendera lero. Khoma likhale ndi laimu wache kufikira tsiku limenelo. Amene ali ndi nkhalamba zoti atchule aonane ndi mlembi tisanabalalike, pakuti mvula iri pafupi ndipo njira ya kwa Kabudula idzabvuta.